Mmene Mizimu ya ku Japan Inakhalira Nzika za M'tauni

Pakati penipeni pa Tokyo, m'dera la Otemachi kumene kuli malikulu a mabanki ndi makampani akuluakulu, pali kabwalo kakang'ono kamene palibe amalimba mtima kumangapo. Malo kumeneko ndi okwera mtengo koopsa, komabe nyumba zosanja zinangokazungulira n'kukasiya. Pakabwalopo pali mwala, maluwa ndi zofukiza, ndipo anthu ovala masuti amaimapo n'kuwerama akamapita kuntchito. Akuti pansi pake pagona mutu wa Taira no Masakado, msilikali wa kum'mawa amene anaukira boma, nadzitcha mfumu yatsopano, n'kuphedwa m'chaka cha 940. Mutu wake anakauonetsa poyera ku Kyoto kuti ena atengerepo phunziro, koma nthano imati unauluka kubwerera kwawo. Chivomezi cha 1923 chitaphwasula mzindawu, Unduna wa Zachuma unasalaza chulucho n'kumangapo maofesi ongoyembekezera. Mu 1926 nduna inamwalira, imfa za ogwira ntchito ena zinatsatira, manong'onong'o anakula, mpaka maofesiwo anagwetsedwa.

Masiku ano achinyamata a m'mayiko ambiri amawerenga nkhani za mtsikana wa yunifolomu ya sukulu amene akumana ndi nkhandwe yosanduka munthu pasiteshoni ya sitima, kapena mnyamata amene amaona mizukwa padenga la sitolo. Ambiri amaganiza kuti alembi a lero ndiwo anakatola mizimu kumudzi n'kuikokera m'tauni kuti mabuku agulike. Mbiri ikutsutsa zimenezo. Mizimu ya ku Japan inayamba kalekale kuyenda m'misewu ya m'mizinda, ndipo nthawi zambiri inkatuluka pamene pali munthu wolakwiridwa kapena chinthu chotayidwa.

Gwero la nthano za mizimuyi ndi mabuku awiri akale, Kojiki la mu 712 ndi Nihon Shoki la mu 720. Loyambalo analilemba O no Yasumaro kuchokera pa zimene Hieda no Are anasunga pamtima, ndipo analipereka kwa Mfumukazi Genmei. M'menemo muli Izanagi ndi Izanami amene anabala zilumba za Japan, Amaterasu wa dzuwa amene anapsa mtima n'kubisala m'phanga dziko lonse n'kuchita mdima, ndi mchimwene wake Susanoo amene anapha chinjoka cha mitu 8 atachiledzeretsa ndi mowa. Onsewa amatchedwa kami, koma kami si milungu yakumwamba yokha. Phiri, mtsinje, mtengo wakale, mwala, ngakhale munthu amene anamwalira, zonse zikhoza kukhala kami. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kami sagawika m'magulu a abwino ndi oipa. Susanoo yemweyo amene anapulumutsa mtsikana ku chinjoka ndiye anawononga minda ya mpunga ya mlongo wake. Kami ali ndi mbali yofatsa ndi mbali yolusa, ndipo ntchito ya anthu ndi kuwasamala kuti mbali yofatsa ndiyo ionekere.

Chibuda chitafika kuchokera ku Korea m'zaka za m'ma 500, sichinathamangitse kami. Chibuda ndi Chishinto, chipembedzo cha kami, zinakhalira limodzi zaka zoposa 1,000, nthawi zina m'bwalo limodzi, ndipo ansembe a Chibuda ndiwo analemba nthano zambiri zoyambirira. Mmodzi wa iwo, Kyokai, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 800 analemba za mwamuna wa ku Mino amene anakumana ndi mkazi wokongola m'thengo, namukwatira, n'kubereka naye mwana. Kagalu ka pakhomopo sikankamufuna mkaziyo, ndipo tsiku lina katamuthamangira, iye ndi mantha anasanduka nkhandwe n'kukwera pampanda. Mwamunayo sanatenge mkondo. Anamuuza kuti poti ali ndi mwana, azibwerabe kudzagona pakhomo, ndipo iye ankabwera. Nkhani za chikondi cha munthu ndi nkhandwe zimene zadzaza m'mashelefu a achinyamata lero zili ndi agogo awo pamenepa.

Koma kumene mizimu inakhaliradi ya m'tauni ndi ku Heian-kyo, Kyoto wa lero, amene anakhala likulu mu 794. Unali mzinda wa misewu yowongoka ndi yotakata, koma usiku kunali mdima wa ndiweyani. Anthu apamwamba ankakhulupirira kuti pa mausiku ena ziwanda zimayenda chigulu m'misewu ikuluikulu, ndipo wokumana nazo amafa. Boma linali ndi ofesi yakeyake ya akatswiri otchedwa onmyoji, amene ankawerenga nyenyezi, kukonza kalendala, kuombeza ndi kuuza nduna masiku oyenera kukhala m'nyumba. Anali ogwira ntchito m'boma ngati ena onse, okhala ndi maudindo ndi malipiro. Wotchuka koposa anali Abe no Seimei, amene anabadwa mu 921 n'kumwalira mu 1005. Mibadwo yapambuyo pake inamukometsera mbiri mpaka kunena kuti mayi ake anali nkhandwe yoyera.

Nkhani imene imaonetsa bwino mtima wa zonsezi ndi ya Sugawara no Michizane. Anali katswiri wa maphunziro ndi wolemba ndakatulo amene anakwera mpaka kukhala imodzi mwa nduna ziwiri zapamwamba. Fujiwara no Tokihira, wa banja lamphamvu, anamuneneza kwa mfumu, ndipo mu 901 Michizane anathamangitsidwira ku Dazaifu, kutali pachilumba cha Kyushu, kumene anamwalira ali wosweka mtima mu 903. Zotsatira zake zinachititsa nthumanzi likulu lonse. Tokihira anamwalira mu 909 asanakwanitse zaka 40. Ana awiri achifumu amene ankayembekezera mpando anamwalira motsatizana. Mu 930 mphenzi inagwa panyumba yachifumu n'kupha nduna zingapo, ndipo Mfumu Daigo inadwala n'kumwalira chaka chomwecho. Palibe amene anakayika kuti ndi Michizane. Nanga boma linatani? Silinafune sing'anga woti awononge mzimuwo. Linamubwezera maudindo ake ali m'manda, ndipo mu 947 anamumangira kachisi ku Kitano. Mzimu wolusa uja unasanduka Tenjin, kami wa maphunziro, ndipo lero ana asukulu amakhamukira ku akachisi ake nyengo ya mayeso, kulemba zopempha zawo patimatabwa n'kutipachika. Ine ndimaona kuti amene wamvetsa nkhani iyi wamvetsa theka la nthano za ku Japan. Choopsa chimakhala ndi dandaulo lake, ndipo dandaulolo likamveka, chimene chinkapha chimayamba kuteteza. Katswiri wa chikhalidwe Komatsu Kazuhiko anafotokoza kuti kusiyana kwa kami ndi yokai, dzina la zolengedwa zodabwitsa zonsezi, kwagona pa kupembedzedwa: amene akulandira nsembe ndi kami, amene wanyalanyazidwa ndi yokai.

Ngakhale ziwiya za m'nyumba zinali ndi madandaulo. Anthu ankati chiwiya chikakwanitsa zaka 100 chimakhala ndi mzimu, choncho pa kusesa kwa kumapeto kwa chaka ankataya zakale m'mbali mwa msewu. Nthano ina yakale, ya m'nyengo yotchedwa Muromachi, imati ziwiya zotayidwazo zinakumana n'kudandaula kuti zatumikira mokhulupirika koma malipiro ake ndi dzala, ndipo zinasanduka zilombo kuti zibwezere. Chithunzi chachitali chokulungidwa chimene chimasungidwa ku Shinju-an, m'kachisi wa Daitoku-ji ku Kyoto, chimaonetsa miphika, maambulera ndi zoimbira zitamera miyendo, zikuguba mumsewu mpaka kuwala kwakukulu kutazibalalitsa. Mantha oterewa sangabadwire kumudzi kumene khasu limagwiritsidwa ntchito mpaka kutha. Ndi mantha a anthu a mumzinda, amene ali ndi katundu wokwanira kutaya.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, mantha anasanduka malonda. Mzinda wa Edo, umene ndi Tokyo lero, unafika pa anthu pafupifupi 1 miliyoni m'zaka za m'ma 1700, ndipo ambiri ankadziwa kuwerenga. M'nyengo yotentha anthu ankasonkhana usiku, kuyatsa nyali 100, ndipo aliyense akatha kusimba nkhani yoopsa ankazimitsa imodzi, poyembekezera kuti yomaliza ikazima china chake chionekera. Mu 1776 wojambula Toriyama Sekien anatulutsa buku la zithunzi za yokai, chilichonse patsamba lake ndi dzina lake, ndipo anatsatiza mabuku ena atatu. Zina anazitenga m'nthano za anthu, monga kappa wa m'mitsinje wokhala ndi kambale ka madzi pamutu, ndi tengu wa m'mapiri. Zina, makamaka m'mabuku omalizawo, anazipeka yekha. Kuyambira pamenepo yokai zinakhala ndi nkhope zodziwika, zinalowa m'masewero a kabuki, m'makadi a ana ndi m'zidole.

Nkhandwe nayo inapeza malo mumzindawu. Inari, kami wa mpunga amene kachisi wake wamkulu ku Fushimi anakhazikitsidwa mu 711, anasanduka kami wa amalonda, ndipo nkhandwe, zimene ndi amithenga ake, zinaima m'makhwalala onse a Edo zitavala tinsalu tofiira pakhosi. Akachisi a Inari alipo pafupifupi 30,000 m'dziko lonselo, ndipo ena ali pamadenga a masitolo ndi m'mabwalo a mafakitale.

Mu 1855 chivomezi chachikulu chinagwedeza Edo n'kupha anthu masauzande. Pasanathe masiku ambiri m'misewu munadzaza zithunzi za chimlamba chachikulu chimene amati chimagona pansi pa dziko, chopanikizidwa ndi mwala wa kami wa ku Kashima. Ife amene tinakula tikumva za Napolo akamasamuka m'phiri la Zomba kapena Mulanje sitingadabwe ndi maganizo amenewa. Chivomezicho chinachitika m'mwezi wa 10, umene amati kami onse amapita kumsonkhano ku Izumo, ndiye zithunzi zina zinaonetsa kami wotchedwa Ebisu, amene anasiyidwa kuti alondere, akuwodzera. Zina zinaonetsa akalipentala akuthokoza mlambawo chifukwa ntchito yomanga inawalemeretsa, ndi anthu olemera akukakamizidwa kusanza ndalama. Anthu wamba ankanena kudzera mwa chilombo zimene sakanatha kunena pamaso pa boma.

Boma la Meiji, limene linayamba mu 1868, linkafuna dziko la njanji, mafakitale ndi sukulu, ndipo linkachita manyazi ndi zonsezi. Linalekanitsa Chishinto ndi Chibuda mwa lamulo, linatseka ofesi ya onmyoji mu 1870, ndipo linakweza kami a banja lachifumu pamwamba pa ena onse. Kuyambira 1906 linalamula kuti akachisi ang'onoang'ono a m'midzi aphatikizidwe, ndipo masauzande ambiri anatsekedwa, nkhalango zawo n'kudulidwa. Katswiri wa zachilengedwe Minakata Kumagusu analimbana nalo lamuloli mpaka kutsekeredwa m'chitolokosi. Inoue Enryo, amene anayambitsa sukulu imene lero ndi Toyo University, anayendayenda m'dziko lonse kusonkhanitsa nkhani za yokai n'cholinga choonetsa kuti zambiri ndi zikhulupiriro chabe. Potero anasiya nkhokwe yaikulu ya nkhani zimene ankafuna kuzithetsa.

Ena ankasonkhanitsa chifukwa cha chikondi. Lafcadio Hearn, wobadwira ku Greece, anafika ku Japan mu 1890, ndipo nkhani zambiri za m'buku lake la Kwaidan la mu 1904 anazimva kwa mkazi wake Koizumi Setsu. Mu 1910 Yanagita Kunio, wogwira ntchito m'boma ku Tokyo, anasindikiza ndi ndalama zake makope 350 a Tono Monogatari, nkhani zazifupi 119 zimene anamusimbira mnyamata wa ku Tono m'chigawo cha Iwate, Sasaki Kizen. Apa ndi pamene panakhazikika maganizo akuti yokai kwawo ndi kumudzi. Anali maganizo a munthu wa m'tauni amene ankaona midzi ikusintha ndipo ankaopa kuti zonse zitayika.

Kami a boma aja anatsogolera dziko kunkhondo. Ana asukulu ankaphunzitsidwa kuti mfumu ndi mdzukulu wa Amaterasu ndipo kuifera ndi ulemu. Japan itagonja, lamulo la pa 15 December 1945 linathetsa Chishinto cha boma, ndipo pa 1 January 1946 Mfumu Hirohito inalengeza kuti si mulungu wooneka ndi maso. Amene anabwezera anthu mizimu yaing'ono ija anali mmodzi mwa ovulala pankhondoyo. Mizuki Shigeru anabadwa mu 1922 n'kukulira ku Sakaiminato, kumene mayi wina wokalamba wothandiza pakhomo, amene iye ankamutcha NonNonBa, ankamusimbira za mizukwa. Anatumizidwa kuchilumba cha New Britain, anadwala malungo, anataya mkono wamanzere pa kuphulika kwa bomba, ndipo anthu a mtundu wa Tolai anamusamala mpaka anafuna kukhala komweko. Atabwerera anavutika ndi umphawi zaka zambiri akujambula mabuku obwereketsa. Kitaro, mnyamata wa diso limodzi wobadwira kumanda, anatuluka m'mabuku otere mu 1960, ndipo mu 1968 anafika pa wailesi yakanema. Mizuki anatenga zithunzi za Sekien, anatenganso mayina amene Yanagita analemba opanda chithunzi, monga nurikabe, chipupa chosaoneka chotsekereza woyenda usiku, n'kuwapatsa thupi. Kitaro amaima pakati pa anthu ndi yokai, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala munthu wadyera amene wawononga dambo kapena manda. Munthu amene anaona zimene milungu ikuluikulu ya boma inachita anasankha kukhala mbali ya tizilombo tonyozeka, ndipo ndimamulemekeza kwambiri pa chimenechi.

Mzinda unapitiriza kubala zakezake. Mu 1979 mphekesera ya mkazi wovala chophimba kukamwa, amene amafunsa ana ngati ndi wokongola kenako n'kuonetsa kamwa long'ambika mpaka m'makutu, inachoka ku Gifu n'kufalikira dziko lonse m'miyezi yochepa. M'madera ena ana ankabwerera kunyumba m'magulu ndipo apolisi anawonjezera kulondera. Akatswiri amati inayenda mwamsanga chifukwa cha sukulu zamadzulo zokonzekera mayeso, kumene ana a sukulu zosiyanasiyana ankakumana n'kubwerera kunyumba kutada. Zimbudzi za kusukulu nazo zinapeza mzukwa wawo, kamtsikana kotchedwa Hanako. Mu 1985 Aramata Hiroshi anayamba kutulutsa Teito Monogatari, nkhani yaitali imene inalemba mbiri ya Tokyo ngati kulimbana kwa onmyoji pa mzimu wa Masakado, ndipo alembi ambiri a pambuyo pake anamwa pachitsime chimenechi.

Chimene chimandigwira mtima m'nkhani za achinyamata za kuyambira m'zaka za m'ma 1990 n'chakuti zabwino mwa izo zinasunga dandaulo lija. Mu filimu ya Takahata Isao ya mu 1994, Pom Poko, nyama zosandulika zotchedwa tanuki zimachita chionetsero cha ziwanda m'misewu pofuna kuletsa kumangidwa kwa Tama New Town, ndipo zimalephera. Mu Spirited Away ya Miyazaki Hayao ya mu 2001, Haku waiwala dzina lake chifukwa mtsinje umene iye anali kami wake unakwiriridwa n'kumangapo nyumba zosanja. Mu Noragami, imene inayamba mu 2010, Yato ndi kami wopanda kachisi, wovala zovala zamasewero, amene amalemba nambala yake ya foni m'makoma ndi kugwira ganyu aliyense pa mayeni 5, chifukwa kami amene waiwalika amazimirira. Natsume, mnyamata wamasiye wa m'nkhani ya Midorikawa Yuki, amathera masiku ake kubwezera yokai mayina amene agogo ake anawalanda. N'zosadabwitsa kuti nkhanizi zimakoma kwa wa zaka 15, amene naye amadziona ngati palibe akumuona kapena kumumva.

Kunja kwa Japan alembi a Chingerezi anatengera. Mu 2013 munatuluka Ink la Amanda Sun, lochitikira ku Shizuoka, ndi The Night Itself la Zoë Marriott, limene linabweretsa nkhandwe ndi chilombo cha mphaka m'misewu ya London. Mu 2020 Courtney Alameda ndi Valynne Maetani analemba Seven Deadly Shadows, za mtsikana wotumikira pakachisi wa banja lake ku Kyoto. Kubwereka pakokha si mlandu. Nkhandwe ya michira 9 inachokera ku China, ndipo maonekedwe a ziwanda za nyanga zotchedwa oni anatengera kwambiri zithunzi za Chibuda za malo a chilango. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi pamene wolemba watenga mayina okha, n'kuika kami mbali ya kuwala, yokai mbali ya mdima, lupanga pakati. Zikatero nkhandwe imangokhala mnyamata wokongola wa makutu osongoka, ndipo funso lakale lija, lakuti cholusachi anachilakwira ndani, silifunsidwanso.

Ku Japan komweko funsoli lasintha malo. Anthu akuchepa, achinyamata akupita ku Tokyo ndi Osaka, ndipo chotayidwa tsopano ndi mudzi weniweniwo, ndi sukulu zake zotsekedwa ndi akachisi opanda wosesa. Filimu ya Shinkai Makoto ya mu 2022, Suzume, yagona pamenepa. Mtsikana wa zaka 17 amachoka ku Kyushu kulowera kumpoto, kutseka zitseko zimene zatseguka m'mabwinja: malo a akasupe otentha amene alendo anasiya kupitako, sukulu yosiyidwa, malo osewerera ana amene anatsekedwa ku Kobe. M'zitsekomo mumatuluka chinyongolotsi chobweretsa zivomezi, mdzukulu wa mlamba wa 1855 uja, ndipo chitseko chimatsekeka pokhapokha wotsekayo akakumbukira anthu amene ankakhala pamalopo. Ulendowo umathera kugombe la kumpoto chakum'mawa, kumene mayi ake anatengedwa ndi madzi pa 11 March 2011, tsiku limene anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa.

Gombe limenelo linalowa kale m'buku la Yanagita. Mu 1896 mafunde ena aakulu anapha anthu pafupifupi 22,000 kumeneko, ndipo nkhani ya nambala 99 imasimba za Fukuji, amene anakwatira ku Tanohama n'kutaya mkazi wake pa tsokalo. Patapita chaka, usiku wa nkhungu, anaona mkaziyo akuyenda m'mbali mwa nyanja ndi mwamuna amene ankakondana naye asanakwatiwe, yemwenso anafa ndi madziwo. Fukuji anamuitana n'kumufunsa ngati sakuwaganizira ana amene anatsala. Mkaziyo anasintha nkhope n'kulira, kenako awiriwo anapitirira n'kuzimirira, ndipo Fukuji anadwala nthawi yaitali. Yanagita sanaipatule nkhaniyi ngati ya mtundu wina. Yotsatira yake, ya nambala 100, ndi ya nkhandwe imene inasanduka mkazi wa msodzi.